Mmene mungafunsire malo ku yunivesite mukalemba MSCE

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, foni yanga siipuma. "Aphunzitsi, mwana uja wapeza mapointi 17. Kodi ku udokotala amutenga?" Ndimaphunzitsa pa sekondale ina kuno ku Blantyre, ndipo ine ndimabweza funso: 17 ameneyu wachokera m'maphunziro ati? Pamenepo kumbali inayo kumangoti zii. Makolo ambiri, ngakhalenso ana eniake, amaloweza chiwerengero cha mapointi ngati nambala ya foni, koma zomwe zili m'kati mwake sazidziwa. Ndiye ndati ndilembe ndondomeko yonse pamodzi, kuti wa Folomu 3, wa Folomu 4, ndi amene akudikira zotsatira pakhomo aliyense atolepo zake.

Choyamba: nkhaniyi imayambira ku Folomu 3

Tsiku limene mukusankha maphunziro oti muzitenga ndi oti musiye, fomu ya ku yunivesite mwayamba kale kulemba, kungoti simukudziwa. Mwana amathawa Physics chifukwa mphunzitsi wake ndi waukali, kapena chifukwa anzake onse apita ku History, kenaka patapita zaka ziwiri akuti akufuna uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS. Sizitheka. Uinjiniya umafuna Masamu ndi Physics. Zaumoyo ku yunivesite ya KUHeS, kaya ndi udokotala, za mankhwala, za mulabu kapena unamwino, zimatsamira pa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Zaulimi ku yunivesite ya LUANAR nazo zimafuna sayansi, si kungodziwa kugwira khasu ayi.

Ngati muli ku Folomu 2 kapena mwangolowa Folomu 3, pitani kwa aphunzitsi amene amaona za uphungu pasukulu panu, kapena aliyense amene mumamasuka naye, muwauze ntchito yomwe mumailakalaka, akuuzeni maphunziro oti musawataye. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ndipo Chingerezi musachione ngati phunziro la anthu a ndakatulo okha: popanda kirediti ya Chingerezi, ngakhale mutakhala ndi ma 1 m'masayansi onse, khomo la yunivesite ya boma silitseguka.

Chachiwiri: dzina lanu likhale limodzi paliponse

Izi zimaoneka zazing'ono mpaka zitakugwerani. Pamene sukulu ikulembetsa mayina a olemba mayeso ku MANEB, mumapatsidwa mpata woona ngati dzina, tsiku lobadwa ndi maphunziro anu zalembedwa molondola. Ana ambiri amangosaina akucheza. Yang'anani chilembo chilichonse. Mbewe ndi Mbewa zimasiyana chilembo chimodzi chokha, koma kwa kompyuta amenewo ndi anthu awiri.

Mukakwanitsa zaka 16 kalembetseni chiphaso cha unzika ku NRB, osadikira kuti mumalize sukulu. Dzina la pachiphasocho lifanane ndi la ku MANEB, ndondomeko yake yomweyo. Kwathu kuno mwana amatha kukhala ndi dzina la agogo aamuna kusukulu, la bambo pachiphaso, la amalume amene amamulipirira fizi kutchalitchi. Sankhani limodzi. Kukonzetsa dzina zikalata zitatuluka kale ndi ulendo wa maofesi, ndipo nthawi yofunsira malo sidikira munthu.

Chachitatu: werengerani mapointi anu nokha, ndipo muwayang'ane m'kati

Pa MSCE magiredi amayambira 1 kufika 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pophatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwachita bwino koposa, choncho wopambana kwambiri amapeza 6. Kuti mufunsire malo ku yunivesite ya boma mumafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo.

Tsopano taonani chitsanzo ichi. Mwana wapeza Agriculture 2, Chichewa 2, Biology 3, Geography 3, Chingerezi 4, Masamu 5, Chemistry 6, Physics 7. Tikaphatikiza asanu ndi limodzi abwinowo tikupeza 19. Kunyumba nkhuku yaphedwa, ndipo m'pake, mwanayu wagwira ntchito. Koma akalemba uinjiniya pafomu, 7 wa Physics uja amugwetsa asanafike n'komwe pampikisano, chifukwa si kirediti. Akalemba udokotala, 6 wa Chemistry aima pamzere umodzi ndi ana amene ali ndi 1 ndi 2 m'phunziro lomwelo. Pamene mnzake wa mapointi 21, koma Masamu 2 ndi Physics 3, ali ndi mwayi woposa iye pa mapulogalamu ofuna masamu. Osankha sangoyang'ana chiwerengero chonse, amayang'ana magiredi a maphunziro amene pulogalamuyo ikufuna.

Tengani pepala, lembani magiredi anu onse, muzunguze atatu kapena anayi amene ali amphamvu. Pepala limeneli likhale pambali panu pa zonse zotsatirazi.

Chachinayi: dikirani chilengezo cha NCHE, ndipo muchiwerenge chonse

Mayunivesite a boma alipo asanu ndi limodzi. Kuno ku Blantyre tili ndi MUBAS, imene akuluakulu amaitchulabe kuti Poly, ndi KUHeS, imene idapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Ziwirizi zidaima pazokha mu 2021, pomwe University of Malawi yakale idagawidwa, dzina la UNIMA n'kutsalira ku Chancellor College ku Zomba. Kenaka pali MUST ku Thyolo, LUANAR ku Lilongwe ndi MZUNI ku Mzuzu. Kwa amene mwangochoka ku sekondale, simulembera aliyense payekhapayekha. Bungwe la National Council for Higher Education, lomwe tonse timangoti NCHE, ndi limene limalandira mafomu onse pamodzi n'kuyendetsa ntchito yosankha mogwirizana ndi mayunivesitewo.

Zotsatira za MSCE zikatuluka, NCHE imatulutsa chilengezo m'manyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times, komanso pa webusaiti yake ndi tsamba lake la Facebook. Chilengezocho chimanena zaka za MSCE zomwe zikulandiridwa ulendo umenewo, ndalama yolipira, kolipirira, tsiku lotsekera, ndi mndandanda wa mapulogalamu onse pamodzi ndi zofunika pa iliyonse. Zimenezi zimasintha chaka ndi chaka, choncho zomwe adachita achimwene anu zaka zitatu zapitazo musazitenge ngati lamulo.

Zithunzi za chilengezo zoyenda m'magulu a WhatsApp muzizikayikira. Zina zimakhala za chaka chatha, zina wina wasinthapo nambala yolipirira n'kuikapo yake. Pitani pomwe chachokera. Ngati foni yanu ndi yaing'ono, sindikizani mndandanda wa mapulogalamuwo pa malo ojambulitsira mapepala, ku Ginnery Corner ndi ku Limbe aliko ambiri, kuti muwerenge ndi cholembera m'manja. Pa galasi losweka la foni munthu amadumpha mizere, ndipo mzere wodumphidwawo ndi umene umanena kuti pulogalamuyi ikufuna kirediti ya Masamu.

Chachisanu: kusankha mapulogalamu

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndichedwapo.

Fomu imakupatsani malo angapo oti mulembe mapulogalamu motsatana, kuyambira imene mukuifunitsitsa. Mwana wa achemwali anga, wa ku Chilomoni, adapeza mapointi 14. Tidakhala pakhonde Loweruka lina masana, mayi ake akusankha nyemba pa lichero, iye foni m'manja. Ndidamufunsa zomwe walemba. Udokotala, za mankhwala, za mano, za mulabu, mzere wonse KUHeS yokhayokha.

"Nanga ukapanda kutengedwa uku?"

"Amalume, ine china chilichonse sindikuchifuna."

Mayi ake osadzutsa n'komwe mutu pa lichero: "Achimwene, musiyeni. Mpingo wonse ukudziwa kuti ameneyu ndi dokotala."

Ndidamusiya. Mayina atatuluka, lake munalibe. Anzake a mapointi 20 ndi kupitirira adapita, wina ku uphunzitsi wa sayansi, wina ku zaulimi. Iye adakhala chaka chathunthu akugulitsa mu okala ya mayi ake. Chaka chotsatira tidalembanso limodzi, ulendo uno atafatsa, ndipo adapita. Sindikunena kuti maloto ndi oipa. Cholakwika chidali kuika mazira onse pa mapulogalamu omwe ana a mapointi 6, 7 ndi 8 a dziko lonse amathamangira, malo ake ali ochepa.

Njira imene ndimawauza ana anga m'kalasi ndi iyi. Poyamba chotsani pamndandanda pulogalamu iliyonse imene simukukwanitsa zofunika zake. Osati "mwina andimvera chisoni". Kulemba pulogalamu yotere n'kutaya malo amodzi pafomu. Pa zotsalazo, malo oyamba ikani imene mtima wanu uli, ngakhale mpikisano wake ndi woopsa, bola magiredi anu a maphunziro ofunikawo akhale oti angalimbane. Pakati ikani zomwe zikugwirizana ndi magiredi mudazunguza papepala paja. Kumapeto ikani imodzi kapena ziwiri zomwe anthu sazithamangira kwambiri, koma zomwe inuyo mukhoza kuziphunzira zaka zinayi osadandaula. Mawu otsirizawa ndi ofunika: musalembe chinthu chongodzazira mzere, chifukwa akhoza kukupatsani chomwecho.

Musamangirirenso zisankho zonse pa Blantyre. Ndikudziwa chifukwa chake: wa ku Ndirande kapena ku Zingwangwa akatengedwa ku MUBAS akhoza kumagona kwawo, kukwera minibasi m'mawa, kudya nsima ya amayi madzulo. Ndalama ya malo ogona imapulumuka, ndipo si nkhani yochepa. Komabe kulemba MUBAS yokhayokha chifukwa ili pafupi ndi kudzitsekera makomo ena asanu. MUST ili pa Thyolo pompa, Zomba ndi ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono. Kambiranani ndi makolo kapena okuthandizani musanalembe, muone pomwe thumba lingafike, kusiyana n'kudzakangana kalata itabwera.

Dzina la pulogalamu lisakunyengeni. Ena amangoona mawu aatali a Chingerezi n'kuganiza kuti kumeneko ndiye kuli ndalama. Funsani munthu amene akuphunzira zimenezo panopa kuti m'kalasi amachita chiyani kwenikweni, ndipo omaliza amagwira ntchito kuti. M'dera lililonse la mzinda uno muli wophunzira wa ku Poly kapena ku Chanco (Chancellor College), ndipo ambiri amakonda kufunsidwa. Kwa ofuna zamalamulo: ku UNIMA anthu ankalowa ku Law atayamba aphunzira pulogalamu ina, osati kuchokera ku MSCE mwachindunji, choncho funsitsani njira yake ya panopa musanalembe.

Za boma lochokera: ndondomeko ya kota, yogawa malo potengera maboma, boma lidalengeza kuti yathetsedwa mu 2020. Fomu ikafunsa boma lanu, mfumu yaikulu ndi mudzi, lembani zoona. Bodza la pamenepa silikupindulirani kanthu, ndipo likhoza kudzakukolani pa nkhani ya ngongole.

Chachisanu ndi chimodzi: konzani zikalata, nambala ya foni ndi imelo

Musanatsegule fomu, zinthu izi zikhale patebulo: chikalata cha zotsatira zanu kapena satifiketi ya MSCE, nambala yanu ya mayeso pamodzi ndi nambala ya senta ndi chaka chomwe mudalemba, chiphaso cha unzika, ndi chithunzi chaching'ono cha nkhope ngati chilengezo chafuna. Chikalata cha zotsatira chimakatengedwa kusukulu komwe mudalembera. Ngati muli ndi ngongole ya fizi kapena buku la laibulale lomwe simudabweze, kathaneni nazo msanga, chifukwa mukudziwa kale kuti aheadi adzayambira pomwepo.

Chilengezo chikanena kuti makope akhale otsimikizidwa, ndiye kuti fotokope ikadindidwe ndi munthu wovomerezeka kulumbiritsa, monga majisitireti kapena loya, ataona chikalata chenichenicho. Pojambula zikalata ndi foni, yalani pepala pamalo osalala, panja pamthunzi, ngodya zonse zinayi zioneke, chala chanu chisalowemo.

Nambala ya foni ikhale yanu kapena ya kholo limene silisinthasintha ma SIM. Imelo tsegulani yanu, ya dzina lanu lenileni, osati dzina lija mumatchuka nalo pa Facebook. Pasiwedi ilembeni kuseri kwa kope, musadalire mutu. Ndaona ana akulephera kulowanso mu akaunti yawo chifukwa mnyamata wa pamalo a intaneti adawalembetsera ndi imelo yake, ndipo pomwe amamufunanso anali atasamukira ku Lilongwe.

Chachisanu ndi chiwiri: lipirani, sungani risiti

Lipirani kudzera m'njira zokhazo zomwe chilengezo chatchula. Polemba pa kapepala ka kubanki kapena potumiza pafoni, dzina ndi nambala zikhale za wofunsira malo, osati za amalume amene apereka ndalama. Risiti ijambuleni pomwepo musanatuluke m'banki, chifukwa inki ya timapepala timeneti imafufutika tikakhala m'thumba sabata imodzi. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba musaufufute. Ndalamayi sibwezedwa, mutengedwe kapena ayi.

Wina akakuuzani kuti ali ndi m'bale wake "m'kati" amene angakuikeni pamndandanda mukampatsa kenakake, ameneyo ndi wakuba. Atha kukhala wovala taye, wodziwa mayina a maofesi onse. Ndi wakuba basi.

Chachisanu ndi chitatu: lembani fomu ndi kutumiza

Ngati mukulemba pa intaneti, gulani bandulo yokwanira, tchajani foni, sankhani nthawi ya m'mawa kwambiri pomwe netiweki imakhala yopepuka. Mukapita pamalo a intaneti kuti akuthandizeni, khalani pampando pambali pa wolembayo, maso pa kompyuta. Osamusiyira mapepala n'kupita kukagula chiwaya. Iye akulembera anthu makumi angapo tsiku limenelo, ndipo nambala ya pulogalamu ikaphonyeka ndi chilembo chimodzi, amene adzapite kukaphunzira zomwe sadasankhe ndinu.

Magiredi lembani monga momwe alili pachikalata. Osankha amatsimikiza ndi MANEB, ndiye kusandutsa 6 kukhala 3 n'kudzichotsa nokha pampikisano. Ngati muli ndi ulumali, unenereni pamalo omwe fomu yafunsa, kuti yunivesite idziwiretu thandizo lomwe mudzafune.

Musanadine batani lotumizira, werengani fomu yonse mokweza, wina akutsatira ndi zikalata m'manja: dzina, tsiku lobadwa, nambala ya mayeso, magiredi, dzina ndi nambala ya pulogalamu iliyonse, ndondomeko yake. Mukatumiza, sungani umboni woti yapita, kaya ndi uthenga, kaya ndi tsamba loti musindikize.

Ndipo musadikire tsiku lomaliza. Tsiku limenelo dziko lonse limakhala pa webusaiti imodzi, magetsi amasankha tsiku lomwelo kuzima, pamzere wa kubanki munthu amafika pakhomo akutseka. Dziikireni tsiku lanu lotsekera, sabata yathunthu lisanafike lenilenilo.

Chachisanu ndi chinayi: pamene mukudikira, gogodani makomo ena

Ana okhala ndi makirediti okwanira amachuluka kuposa malo a m'mayunivesite a boma, choncho ena okhoza bwinobwino amatsala. Pachifukwa ichi fomu ya NCHE isakhale yokhayo. Malawi College of Health Sciences ili ndi nthambi kuno ku Blantyre. Makoleji a unamwino a mipingo, omwe ali pansi pa CHAM, ali pafupi nafe: St Joseph's ku Nguludi, Mulanje Mission, Holy Family ku Phalombe, Malamulo ku Thyolo. Ofuna za maakaunti, Malawi College of Accountancy ili pa Ginnery Corner pomwepa. Ofuna uphunzitsi ayang'anire zilengezo za Domasi College of Education ndi za makoleji ophunzitsa aphunzitsi a pulayimale. Za ntchito zamanja zimadzera ku TEVETA, ndipo Soche Technical College ili mumzinda momwemuno. Ndimadabwa ndi makolo amene amanyoza njira imeneyi pomwe wokonza magetsi akabwera pakhomo pawo amamulipira osatsutsa. Ambiri mwa amenewa amalengeza pa nthawi yawo, ndi fomu yawo ndi malipiro awo.

Mayunivesite omwe si a boma, monga Catholic University ku Nguludi, mumalembera mwachindunji. Koma musanapereke tambala iliyonse ku koleji yotere, onani pa mndandanda wa NCHE ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa, komanso ngati pulogalamu yeniyeni mukuifunayo ndi yovomerezeka, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka pulogalamu ina ili yosavomerezeka. Za unamwino funsaninso ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Chikwangwani chokongola pamwamba pa sitolo m'tauni si umboni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene magiredi sadakomere, kubwereza si manyazi. Koma bwerezani mukudziwa phunziro lomwe lidakugwetsani ndi pulogalamu yomwe mukulinga, ndipo muwerengetse zomwe chilengezo chikunena pa za olemba mayeso kangapo.

Mayina akatuluka

NCHE imatulutsa mndandanda wa osankhidwa pa webusaiti yake, ndipo mayunivesite nawo amaika pa masamba awo. Dzifufuzeni nokha ndi dzina komanso nambala ya mayeso, popeza mayina ofanana m'Malawi muno ndi osawerengeka. Mukadzipeza, tsatirani tsamba la yunivesite yomwe yakutengani kuti mudziwe za kalata yokuitanani, fizi, malo ogona ndi tsiku lotsegulira. Malo ogona pasukulu sakwanira onse, ndiye za nyumba ya lendi yambani kufunsa tsiku lomwelo.

Ngati kwanu fizi ndi yovuta, pali bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Kusankhidwa ku yunivesite sikutanthauza kuti ngongole yabwera yokha. Imeneyo ndi fomu ina, ya nthawi yake, ndipo imafuna umboni woti ndinu wosowadi. Ngati makolo adamwalira, zikalata za imfa yawo ziyambeni kufunafuna pano, chifukwa kawirikawiri zimakhala m'sutikesi ya azakhali kumudzi, ndipo azakhaliwo foni yawo imagwira akakwera pachulu. Ngati bungwe lina kapena mpingo udakulipirirani fizi ya ku sekondale, pemphani kalata yonena zimenezo. Dziwaninso kuti iyi ndi ngongole, mudzabweza mukamaliza maphunziro.

Zonsezi, chikalata cha zotsatira, makope a chiphaso, risiti, tsamba lotsimikiza kuti fomu idapita, ikani mu envulopu imodzi ya pulasitiki, muisunge pomwe mvula yodontha ndi ana aang'ono safika. Tsiku lokalembetsa ku yunivesite adzakufunsani zikalata zenizeni, osati zithunzi za mufoni.